Botolo la Dumi mu Filiza ya Amake Chiso

Dumi Chabwera anakula mpaka kumera ndevu osalawako mowa. Vinyo yekhayo amene ankamudziwa ndi uja wa pa Mgonero, wa m'kakapu kosakwana n'kunyowetsa lilime komwe. Agogo ake aamuna anafika ku Lusaka kuchokera ku Ntcheu atanyamula Baibulo ndi lamulo limodzi, lakuti m'banja mwawo botolo sililowa. Agogowo anatsogola kalekale, bambo ake a Dumi nawonso anawatsatira, koma lamulolo linatsalira m'manja mwa amayi ake ku Matero, ndipo manja a mayi amenewo sagwetsa kanthu.

Ndiye tamuonani munthu yemweyo Lachisanu madzulo, ataima m'sitolo yaikulu ya m'tauni, nsapato zili mbuu ndi fumbi la kumafakitale kumene ankakweza katundu, maso ali pa mashelefu a vinyo. Anayamba wadutsadutsa pamenepo ngati akufuna sopo. Kenako anaima, manja m'thumba, thukuta lili kamukamu ngakhale kuti m'sitolomo munali mozizira.

Chinamufikitsa pamenepo chinali chikondi, nanga n'chiyaninso chimene chimapusitsa munthu wanzeru zake? Mtsikanayo anali Mwape Chitalu, Mbemba wa ku Kitwe, amene ankaluka tsitsi pa saluni ya azakhali ake ku Chawama. Chibwenzi chawo chinali chitakhalitsa, koma chinali cha pamasiteji a minibasi ndi m'malo odyera chipisi. Ku Matero Mwape anali asanapondeko. Mphekesera zitawafika amayi a Dumi kuti mwana wawo akuyenda ndi mkazi wa Chikatolika wa ku migodi, anangofunsa funso limodzi, ngati mkaziyo amamwa. Dumi analumbira kuti pakamwa pa Mwape sipalowa mowa. Amayiwo anati aona, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Lachitatu la sabata yomweyo Mwape anali atamutumizira uthenga.

"Ba Dumi, nalema kubisiwa monga chilonda. Ba Wilbroad bakamba kudala na ba anti, ati bafuna kuleta mbale. Nabauza ati niganizeko. Manje imwe muli pati?"

Wilbroad anali mwini maminibasi, munthu wa mimba yake ndi galimoto yake. Kwa Abemba, mbale zovundikira zikalowa m'nyumba ya makolo n'kulandiridwa, ndiye kuti mkaziyo ali ndi mwini. Dumi anawerenga uthengawo mtima uli phaa, n'kuyankha kuti Mwape abwere ku George, kumene iye ankachita lendi, Loweruka madzulo, adzamuphikira, ndipo ali ndi mawu.

"Nizabwela," anayankha Mwape. "Koma mau yamene ayo yankhale ya zoona."

Mawuwo analidi oona. Dumi ankafuna kupempha chilolezo choti iye ndiye atumize mbale. Vinyo analowamo chifukwa cha nkhani imene Mwape anamusimbira tsiku lina, maso atalengeza misozi. Malemu bambo ake, akakhala ndi nkhani yabwino, ankabwera kunyumba ndi botolo la vinyo wofiira, n'kuthirira mkazi wawo kaye asanatsegule pakamwa. Ankati nkhani yabwino sikambidwa pa madzi. Dumi sanafune kuti yake ikambidwe pa madzi.

Koma akanafunsa ndani? Anzake a kuntchito ankadziwa chibuku ndi timabotolo ta m'thumba basi, ndipo akanamuseka mpaka Khirisimasi. Abale ake akanathamangira ku Matero asanamalize n'komwe funso. M'mzinda wonse wa Lusaka, wodzaza anthu chonchija, analibe munthu mmodzi womuuza kuti tenga ili, siya ilo. Zinamumvetsa chisoni kwambiri.

* * *

"Ba bosi, nikuthandizeni?"

Anali mayi wogwira ntchito m'sitolomo, wamfupi, dzina loti Happy lili pachifuwa.

"Awe, niyang'ana chabe."

"Mwayang'ana maningi. Ba sekyuliti nabeve bayamba kukuyang'anani."

Dumi anacheuka uku ndi uku, n'kutsitsa mawu ngati wogula mankhwala a matenda amanyazi. "Nifuna wayini."

"Ya bwanji? Yofiira olo yoyera? Yonzuna olo yosanzuna?"

"Ya... ya munthu."

"Yonse iyi ni ya banthu, ba bosi." Happy anaseka, koma ataona nkhope ya Dumi kusekako kunatha. "Ni mukazi, ayi? Ndipo imwe simunamwepo."

Dumi anagwedeza mutu. Posadziwa n'komwe, anapezeka akumuuza mlendoyu zonse: za Mwape, za malemu bambo ake ndi vinyo wofiira, za nkhuku ndi mpunga zimene ankafuna kuphika. Munthu ukasowa wocheza naye, ngakhale wa m'sitolo amasanduka mlongo wako.

"Ine nisakunameni, sininamwepo yonse iyi," anatero Happy. "Niona chabe vamene banthu batenga, na vamene babwelela kutenganso. Bena bakamba ati nkhuku iyenda na yoyera. Koma ngati batate bake benze kumwa yofiira, tengani yofiira. Mufuna akumbuke kwao, simufuna kukondwelesa nkhuku."

Dumi anatambasula dzanja kuloza botolo lina la pamwamba, la chizindikiro chagolide. Ataona mtengo wake, dzanjalo linabwerera lokha m'thumba.

"Izo siyani, ni lenti," anatero Happy. "Naiyi ya mu bokosi pansi apa siyani, ni ya pa kicheni pate, pa phwando ya bazimai. Mukaika bokosi pa tebulo azaganiza mufuna kumuledzeletsa. Yang'anani apa pakati, ndiye pali ya ise. Opena muli nayo?"

"Ya chani?"

"Mwaona? Osatenga ya kamutengo pakamwa, muzayamba kukumba na foloko pamenso pa mukazi. Tengani ya kapu yopotokola." Anatsitsa botolo lakuda la chithunzi cha mphesa. "Iyi niyonzuna pang'ono. Woyamba afunika yonzuna. Mukayamba na ija yosanzuna muzakwinya nkhope monga mwaluma ndimu, mukazi azaganiza muli kukwinyila eve. Mutengo mwauona? Siuluma."

Mtengowo unali woti munthu atha kugula, n'kutsalanso ndi ya nkhuku. Dumi analigwira botolo ndi manja awiri.

"Muiziziritseko pang'ono chabe," anawonjeza Happy. "Ndipo osadzaza galasi monga ni maheu. Yendani bwino, ba bosi. Akavomela mubwele muniuze."

Pamzere wolipirira, Dumi anaona nkhongo ya bambo wina wadazi n'kuganiza kuti ndi mkulu wa mpingo wa ku Matero. Anabisa botolo kumbuyo. Bamboyo atatembenuka anapezeka kuti ndi munthu wina, koma m'mantha amenewo malangizo a Happy anagwedezeka. Kuziziritsa kunatsala m'mutu, koma kamawu koti pang'ono kanagwera pansi pomwepo.

* * *

M'minibasi ya ku George anakhala kumbuyo, botolo atalikulunga m'nyuzipepala ndi m'pulasitiki wakuda, atalifungatira ngati khanda. Basi ikagunda dzenje mtima wake unkagundanso. Pafupi naye mnyamata ndi mtsikana ankamvera nyimbo pa foni imodzi, mitu itagundana. Dumi anayang'ana pazenera.

Chipinda chake chinali kuseri kwa nyumba ya amake Chiso, mayi wamasiye amene ankagulitsa maayisibuloko kwa ana a sukulu. Mayiyu anali wa Chigwirizano cha amayi limodzi ndi amayi a Dumi, ndipo kunena zoona ndi amayi akewo amene anamupezera chipindacho, kuti mwana akhale patali ndi nyumba koma pafupi ndi maso. Pabwalo ponsepo filiza inali imodzi, ya amake Chiso. Wanyama ankaika nyama yake mmenemo, wamkaka mkaka wake, ndipo palibe ankafunsa zambiri.

Ku komboni mlendo wolemekezeka sapatsidwa chakumwa chofunda. Ichi ngakhale mwana amachidziwa. Dumi anagogoda.

"Amake Chiso, nisungileniko aka mu filiza mpaka mailo."

Mayiyo anayeza kathumbako m'manja. "Ni chani ichi, cholemera so?"

"Ni juwisi. Kuli alendo."

"Alendo! Ba Dumi mwayamba kulandila alendo? Amai banu badziwa?"

"Ni ba kunchito chabe."

Bodza lachiwirilo linatuluka mosavuta kuposa loyamba. Amake Chiso anakankhira kathumbako pansi penipeni, pakati pa maayisibuloko, n'kutseka.

Dumi sanade nkhawa. Miyezi imeneyo magetsi ankabwera ngati mlendo wamanyazi, kusuzumira pang'ono n'kuthawa, moti filiza ya amake Chiso inkangokhala ngati mtsuko wozizira. Koma walira mvula walira matope. Magetsi aja, amene sanakhalepo ndi khalidwe, anabwera madzulo omwewo n'kusankha kukhala okhulupirika mpaka tsiku lotsatira.

* * *

Loweruka Dumi anadzuka ndi tsache m'manja. Anasesa, anakolopa, anachapa makatani. Anayala chitenje chatsopano patebulo, n'kuikapo matambula awiri a miyendo amene anagula kwa wogulitsa m'mbali mwa msewu. Mpando wake wabwino unali umodzi, ndiye anauika mbali ya Mwape, iye n'kudzikonzera chigubu. Masana anapita kukatenga botolo lake koma anapeza loko pachitseko. Woyandikana naye anati amake Chiso anapita kumaliro a mayi wina wa mpingo.

Anabwerera kukakazinga nkhuku. Uku akutembenuza nyama, uku akuyeserera mawu. "Mwape, nifuna kutuma banthu kwanu." Ayi, ouma kwambiri. "Mwape, nakubisa kokwana." Awa anali abwinoko. Anawanena kwa mpando wopanda munthu uja mpaka anazolowera pakamwa, ndipo mpandowo sunakane.

Foni inalira. Anali Mwape. "Nanyamuka. Navala ka dilesi kaja mukonda."

Anasamba, anavala shati yoyera, n'kukhala pachigubu kudikira. Dzuwa linali litapendeka pamene anamva mawu a azimayi pageti, kenako loko akutsegulidwa. Anaimirira kuti akatenge botolo lake, koma liwu lina pakati pa mawuwo linamuimitsa pakhomo. Linali la amayi ake. Anali atachokera limodzi kumaliro, ndipo amake Chiso anali atawakokera kunyumba kuti amweko madzi ozizira asanakwere basi ya ku Matero.

Panapita kanthawi kochepa. Kenako kunamveka mfuu.

"Mayo ine! Bizinesi yanga! Ba Dumi! Ba Dumi, bwelani kuno!"

* * *

Filiza anali ataikokera pakhonde ili yotsegula, ndipo fungo lokha linali litanena kale zonse. Vinyo anali ataundana usiku, botolo n'kusweka. Maayisibuloko a ana a sukulu, nyama ya eni ake, mkaka, zonse zinali psuu. Amake Chiso ankatulutsa timapaketi kamodzikamodzi akudandaula. Anthu a pabwalopo anali atayamba kale kutuluka m'zitseko, ena ndi ana kumsana.

Amayi a Dumi anaima pambali atavala yunifolomu ya Chigwirizano, bulauzi yoyera ndi duku lakuda. M'dzanja mwawo munali khosi la botolo, kapu yopotokola ija ikadali pomwepo. Sanakalipe. Mayi ameneyu akakwiya zenizeni mawu ake amatsika.

"Dumisani, akuti chinthu ichi wabwera nacho ndiwe."

"Ananiuza ati ni juwisi!" anatero amake Chiso. "Juwisi ya alendo ba kunchito! Ine wa Chigwirizano, filiza yanga inunkhe bala?"

"Amayi..." anatero Dumi.

"Atate ako anafa osagwira botolo. Agogo ako chimodzimodzi. Ndikufunsa, mowa uwu ndi wa yani?"

Tsoka silinunkha. Nthawi yomweyo geti linalira, ndipo Mwape analowa, atavala diresi lobiriwira, tsitsi ataluka mwatsopano, kachikwama m'khwapa. Anayang'ana filiza, anayang'ana khosi la botolo, anayang'ana mayi wa duku lakuda amene mphuno yake inali ya Dumi yeniyeni. Anamvetsa zonse popanda womuuza. Anagwada pafumbi pomwepo ndi diresi lakelo, n'kuomba m'manja mwaulemu.

"Muli bwanji, ba mayo?"

Amayi a Dumi sanayankhe moni. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kutembenukira kwa mwana wawo.

"Alendo a kuntchito ndi amenewa? Uyu ndiye uja unandilumbirira kuti samwa? Ndikufunsanso, Dumisani. Wagula mowa uwu ndani? Ndiwe, kapena wakutuma ndi mkaziyu?"

Yankho linali lalifupi, ndipo Dumi ankalidziwa. Ndine. Ndinalowa ndekha m'sitolo, ndinasankha ndekha, iye sakudziwa kanthu. Anatsegula pakamwa. Anaona duku lakuda lija, anaona maso a anthu a pabwalo, anaona dzanja la amayi ake litagwira galasi losweka. Lilime linakana. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo Dumi anaima pakati pa awiriwo, mvula ikumuthera pamutu.

Mwape anamuyembekeza. Anamupatsa nthawi yokwanira ndithu, maso ali pa iye, akadali chigwadire. Kenako anadzuka, n'kusasa fumbi pamaondo.

"Ni yanga, ba mayo," anatero. "Ndine ninabatuma. Mwana wanu alibe mulandu. Ba mayo ba filiza, vamene vaonongeka nizakonza."

"Mwamva nonse," anatero amayi a Dumi, akuponya khosi la botolo m'chidebe cha zinyalala. "Wanena ndi pakamwa pake."

Mwape anaweramitsa mutu mwaulemu, n'kutuluka.

* * *

Dumi anamupeza pamsewu, pafupi ndi mayi wowotcha chimanga. Anamugwira mkono, koma Mwape anauchotsa modekha, ndipo kudekhako kunamuwawa kuposa mbama.

"Mwape, nenze nifuna nikukondwelese. Unaniuza za batate bako. Nenze nifuna nikupemphe kuti nitume banthu kwanu."

"Niziba, ba Dumi. Pamene naona ija botolo naziba vonse. Mwayenda mweka mu shopu, imwe bamene muyopa na kununkhiza. Sembe mwaniona mumutima, nenze nafuna kulila na chimwemwe." Anayang'ana kumene basi imachokera. "Koma nagwada paja, nayembekeza. Kamau kamozi chabe. Mwaniyang'ana monga simuniziba."

"Ni amai banga, Mwape. Bali na bipi. Sembe..."

"Naine nili mwana wa munthu. Lelo nalowa pa geti yanu koyamba, natuluka ndine chakolwa. Mailo Matero yonse izaziba ati Mubemba wa Dumi amwa. Nanyamula ine, chifukwa naona imwe simukwanisa. Koma nizanyamula mpaka liti? Mu nyumba mukaphwanya mbale, nizakamba ati ndine? Mwana akalakwa, ndine?"

Minibasi inaima, kondakitala akuitanira a m'tauni.

"Mvelani," anatero Mwape, phazi limodzi lili kale pakhomo la basi. "Mailo nizabwela ku chechi kwanu ku Matero. Nizankhala pa benchi ya kumbuyo, neka. Mapemphero yakasila, munitenge pa kwanja, munipeleke kuli ba mayo banu, mukambe kuti botolo inali ya ndani. Mukakangiwa, musanitumile foni futi. Ba anti bayembekeza yankho yanga pa Mande."

Chitseko chinatsekedwa. Dumi anaima pamenepo ndi shati yake yoyera mpaka basi inakhota, ndipo mayi wa chimanga uja anayang'ana kumbali kuti asamuchititse manyazi.

* * *

Atabwerera anapeza chitseko cha chipinda chake chili chotsegula. Amayi ake anali atakhala pa mpando wabwino uja, atavula nsapato. Matambula a miyendo anali atawachotsa patebulo n'kuwaika pansi pakona. Mkwiyo unali utawathera, nkhope yawo inali yofewa, ndipo zimenezi n'zimene zinamuopsa Dumi kwambiri.

"Khala pansi, mwana wanga. Ndinadziwa kuti iwe sungachite zimenezi wekha. Ndinakulera ine." Anavundukula poto. "Nkhuku yonseyi unaphikira iye? Chakudya sichitayidwa, tidya ife."

Dumi anakhala pachigubu. Amayi ake anadzigawira ntchafu imene iye anasankhira Mwape, n'kumuikira iye chidali.

"Nkhani iyi yaonekera pagulu, ndiye iyenera kutheranso pagulu," anapitiriza. "Amake Chiso sangaisunge, umawadziwa. Mawa mapemphero akangotha, usapite kwina kulikonse. Ndidzakugwira dzanja ine mwini, tikaime pamaso pa akulu a mpingo. Ukawauze zimene mkazi uja wavomera, kuti anakutuma ndiye, ndiponso kuti wasiyana naye. Dzina la atate ako liyere."

Panja amake Chiso ankatsuka filiza, madzi ofiira akuyenderera m'ngalande kudutsa pakhomo pa Dumi. Iye anayang'ana dzanja lake lamanja lili patebulo. Linali limodzi, ndipo mawa anthu awiri adzalifuna pa nthawi imodzi, m'tchalitchi chimodzi. Sanasungulumwepo chotere chibadwire, ngakhale kuti mayi womubala anali naye patebulo lomwelo.

"Wamva, Dumisani?"

"Ndamva, amayi."

"Chabwino. Dalitsa chakudya."

Amayi ake anatseka maso n'kudikira. Dumi anaweramitsa mutu, koma pemphero silinabwere. Mpunga unazizira m'mbale, amayi ake akudikirabe kuti anene ameni.